Kaseti ya ku Moscow Imene Ndinafufuta

Agogo anga aamuna amandibwerera m'maganizo ndi fungo la nsalu yotentha. Loweruka lililonse masana, mayi ali ku ntchito kuchipatala, ankaimika thabwa lositira pafupi ndi zenera la fulati yathu ku Edmonton, dera la mu London, n'kumasita malaya awo oyera, nthunzi ikuwakwera kumaso, mabasi akudutsa kunsi kwa zenera, m'wailesi yawo yakale mukulira nyimbo imene ine ndinkadana nayo ndi mtima wonse. Inalibe mawu, inalibe povinira. Mavayolini ankayamba chapansipansi, kenako n'kumakandakanda mpaka mano kuchita dzanzi, ng'oma n'kugunda mwadzidzidzi ngati munthu wamenya chitseko. Ikamalira, m'nyumba simunkaloledwa kulankhula.

Agogo sanali munthu wanthabwala. Ali mnyamata anathawa ku Malawi boma likusaka ophunzira olankhulalankhula, n'kukapezeka ku Moscow akuphunzira zamagetsi limodzi ndi mnzawo, a Lameki. Kumeneko anamva za munthu wina wopeka nyimbo amene boma la dzikolo silinkamufuna. Ankati munthuyo ankadyera nyimbo za m'mafilimu, koma zake zenizeni ankazitsekera m'kabati. Imodzi inaloledwa kuimbidwa kamodzi kokha m'kaholo ka ophunzira, pakhomo pataima amuna awiri oyang'anitsitsa nkhope ya aliyense wolowa. A Lameki analowa atabisa makina ojambulira mawu m'chikhotho. Kaseti ya agogo inachokera kumeneko.

Nyimboyo ikatha pankakhala zii anthu asanayambe kuwomba m'manja, ndipo pamenepo pankamveka munthu akunong'oneza m'Chichewa: "Iwe Isaki, pumatu. Yatha." Kenako kuseka pang'ono. Isaki anali agogo. A Lameki anabwerera kwathu chaka chotsatira, anatengedwa atangotsika ndege, ndipo palibe anawaonanso. Agogo analibe chithunzi chawo, ngakhale kalata.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene anandisankha kuti ndikaimbe ndekha kusukulu. Lachiwiri lina agogo atapita kukatenga mankhwala, ndinafuna kudzimva mmene ndikuimbira. M'wailesi munali kaseti yakuda, yofanana ndi yanga. Inali itafika kumapeto, choncho ndinaibweza pang'ono, ndinadina batani lofiira n'kuimba ndime zonse ziwiri. Nditabweza kuti ndimvetsere, ndinapitirira. Ndinamva mavayolini. Kenako analekezera pakati, n'kumveka ine.

Masiku anayi otsatirawo chakudya sichinkatsika. Mayi anandigwira pachipumi n'kunena kuti mwina ndi chimfine. Lachisanu ndinabisa kasetiyo m'thumba la juzi n'kupita nayo kumapeto kwa khonde, kumene tinkaponya zinyalala m'chibowo chotsikira pansi. Ndinatsegula chivindikiro, ndinaima pamenepo mpaka dzanja kuwawa, kenako ndinabwerera nayo n'kuibwezera m'wailesi. Kangapo ndinayesa kuwauza, koma akanditembenukira ndi magalasi awo ndinkayamba nkhani ina.

Loweruka anaimika thabwa lija monga mwa masiku onse. Ndinakhala patebulo ndi kope la masamu, pensulo ili m'manja, osalemba kanthu. Nyimboyo inali yaitali, ndipo tsiku limenelo ndi pamene ndinayamba kuimvetsera. Ndinamva mmene vayolini imodzi inkayesera kukwera, zinzake n'kumaikokera pansi. Ng'oma ikagunda ndinkadzidzimuka. Ndinkawerenga malaya: achiwiri, achitatu, achinayi. Agogo atayala achisanu, nyimbo inayamba kuzirala kulowera kumapeto, iwo n'kuimitsa dzanja monga ankachitira nthawi zonse, mutu utapendekera kuwailesi.

Panamveka kuti tsa, kenako mawu anga, okweza, achimwemwe, akuimba m'Chingerezi.

Sanandiyang'ane. Anasiya simbi chogona pamalaya n'kupita pawailesi. Anabweza kaseti, anamvetsera, anabwezanso. Anaithamangitsa mpaka kumapeto kuti aone ngati patsala kena kake nyimbo yanga itatha. Panangotsala kuwomba m'manja. Anachita zimenezi katatu, utsi wa malaya ukudzaza chipinda mpaka alamu ya padenga inayamba kulira. Ndinathamanga kukazula simbiyo kumagetsi.

Ine ndinkayankha akuluakulu m'Chingerezi, koma tsiku limenelo ndinafunafuna mawu a Chichewa. "Agogo, ndine ndinachita. Sindimadziwa kuti ndi yanu."

"Liti?"

"Lachiwiri."

"Ndiye masiku onsewa umadya nane patebulo pano uli chete?"

Anandiuza kuti nditsegule mazenera ndipo ndilowe kuchipinda.

Mayi atabwera n'kumva nkhaniyo anavula nsapato kuti andikwapule, koma agogo anawaletsa. Anangowafunsa ngati a Lameki angabwerere m'kasetimo mwana akamenyedwa. Ine ndikanakonda kumenyedwako, chifukwa kwa mwezi wathunthu agogo sanandilankhule. Ankanditenga kusukulu, kundigwira dzanja powoloka msewu, koma osatsegula pakamwa. Loweruka ankasita kuli zii.

Mayi anayendayenda m'masitolo a m'tauni mpaka anaipeza nyimbo yomweyo pa CD. Woipekayo anali atamwalira kale, ndipo tsopano ankamulemekeza dziko lonse lapansi. Agogo anaimvetsera mpaka kumapeto atakhala pampando, manja ali pamaondo. Kenako anaibwezera m'kabokosi kake n'kuwapatsa mayi.

"Akuimba bwino kwambiri awa," anatero. "Palibe amene akuopa."

Loweruka lotsatira anatulutsanso kaseti ija. Itafika pamalo paja ndinadzuka kuti ndithawe, koma anandiuza kuti ndikhale pansi. Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba kwa ine. Tinamvetsera ndime zanga zonse ziwiri, kenako anthu a ku Moscow akuwomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo sanaizimitsepo isanathe, mlungu ndi mlungu, kwa zaka zisanu ndi zitatu mpaka anamwalira. Sananenepo kuti andikhululukira, inenso sindinafunse.

Lero nyimbo za munthu uja zimaimbidwa m'maholo akuluakulu a muno mu London, ndipo ndinapitako kawiri. Ndimazikonda tsopano. Titalongedza katundu wa agogo, ndinapeza kuti m'kabokosi ka kasetiyo munali kapepala. Pamwamba analembapo dzina la wopeka nyimbo uja m'zilembo za Chirasha, pansi pake Lameki, inki itazirala. Pansi penipeni, ndi cholembera china chatsopano, analembapo kuti Tadala, dzina langa. Kapepalako ndimayenda nako m'chikwama. Sindidziwa ngati anandilemba monga mmodzi wa oimba kapena monga wolakwa, ndipo amene akanandiuza kulibe.