Simbi ya Achemwali

Mu Doha monse muno, ku Qatar kuno, kuyambira kudoko mpaka kumene mchenga umathera, mulibe munthu wodziwa za katundu wapaulendo kuposa ine. Sindikudzitama ayi. Ndinaziphunzira kukoleji, kosi ya kagulidwe ndi kayendetsedwe ka katundu, ndipo bwenzi pano ndili ndi dipuloma chikhala kuti koleji ija sinaumirire zoti munthu azikhoza mayeso chaka chilichonse. Tinasiyana mwamtendere m'chaka chachiwiri. Panopa ndimagwira ntchito pa hotela ina ku Al Dafna, pakhomo penipeni, nditavala jekete ya mabatani agolide. Galimoto ikaima ndimatsegula buti n'kunyamula masutikesi a eni ake. Choncho maphunziro aja sanapite pachabe.

Kumapeto kwa chaka kuntchito kwathu amachita maere a antchito. Ena amapata ketulo, ena bulangete. Ine chaka china ndinapata matikiti a anthu awiri okwerera sitima yapamadzi, zikuluzikulu zija zimaima kudoko nyengo yozizira, zooneka ngati hotela yathu yagona chammbali. Masiku angapo panyanja, kudya ndi pogona zolipiriratu. Wopita naye sindinavutike kumusaka. Achemwali anga, omwe ankandilipirira fizi ya koleji ija, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Fereej Al Murra. Madamu awo anavomera kuwapatsa ofu, za mapepala zinatheka, ulendo unapsa.

Achemwali ali ndi mwana mmodzi, mtsikana wa kusekondale, amakhala ndi mayi athu ku Dedza. Zaka zonsezi mwanayo amawaona mayi ake pa vidiyo ya foni ali malo amodzimodzi: kachipinda ka kuseri kwa khitchini, yunifolomu yapinki, kumbuyo kwawo mulu wa zovala zodikira kusita, akuyankhula monong'ona kuopa kudzutsa mwana wa madamu. Tsiku lina mtsikanayo anafunsa, mosaganizira n'komwe kuti zipweteka: "Amama, kodi kumeneko kulibe panja?" Achemwali anaseka, koma funsolo linawakhala pamtima ngati mwala.

Ndiye atamva za sitima, iwo sanaganize za nyanja kapena zakudya. Anatulutsa chitenje chomwe anachisunga chichokereni kumudzi, n'kukachipereka kwa telala wina ku Old Airport. Pulani yawo inali imodzi basi: avale diresi yatsopanoyo, aime pamwamba pa sitima, nyumba zitalizitali za mu Doha zili kumbuyo kwawo, amuimbire mwana. Anapangana kuti madzulo a tsiku lokwerera mtsikanayo akhale pafupi ndi foni ya agogo ake. Zinayenera kuchitika sitima isananyamuke, chifukwa ikangochoka padoko netiweki yathu imatha, ndipo intaneti ya m'sitimamo mtengo wake ndi wa anthu omwe matikiti sapata pa maere.

Tsikulo ndinakawapeza pageti pa madamu awo atavala siketi yakale yofwifwa, sikipa yotambasuka khosi ndi patapata.

"Achemwali, tikukakwera sitima ya mabwana, inu mwavala ngati mukupita kukakumba mbatata?"

"Paulendo savala zabwino. Fumbi."

"Panyanja palibe fumbi."

"Iwe, fumbi silisowa. Nyamula uko, fulumira, tizipita."

Sutikesi yawo inali yaikulu, yomangidwa pakati ndi kansalu ngati munthu wodwala m'mimba.

Kudoko kuli njira ziwiri. Ukhoza kukoka wekha katundu wako, kudutsa naye pa makina ounikira, n'kumayenda naye m'sitima mpaka zipinda zitatsegulidwa. Kapena ukhoza kummata kapepala ka nambala ya chipinda chako n'kumusiya kwa onyamula, iwe n'kulowa manja ali m'thumba, katunduyo ukampeza pakhomo pa chipinda chako masana. Monga katswiri, ndinalangiza njira yachiwiri.

Achemwali anagwira chigwiriro cha sutikesi ndi manja onse awiri.

"Chikwama changa ndimpatse munthu woti ndi dzina lomwe sindikumudziwa?"

"Ine anthu amandipatsa zawo tsiku ndi tsiku osandidziwa."

"Amenewo ndi opusa. Ine ndimakudziwa bwinobwino, ndipo sindingakupatse."

Anandikumbutsa za thumba lawo la mtedza lomwe analipereka kwa kondakitala padepoti ya ku Lilongwe, n'kupita ku Mzuzu lokha, iwo akupita ku Dedza. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti sitima imeneyi ndi imodzi, ndipo ikupita kumene ifenso tikupita. Sizinawalowe. Ndinawafotokozera za ndondomeko, ndinatchulako mawu ena achingerezi omwe ndinatsala nawo a kukoleji. Sanasunthe. Pomaliza ndinaloza azimayi ena omwe ankalowa atanyamula tizikwama ta m'manja tokha.

"Taonani aja. Lero ndinu madamu, achemwali. Madamu sanyamula."

Anawayang'ana azimayi aja. Kenako zala zinayamba kumasuka chimodzichimodzi. Anamuuza wonyamula uja m'chinenero chawo chomwe amayankhulira kuntchito, chosakaniza zonse: "Mafi kuponya, osaponya, wamva? Pang'onopang'ono." Bamboyo anagwedeza mutu, n'kuiponya sutikesiyo pangolo, ina n'kubwera pamwamba pake. Achemwali anaiyang'ana ngoloyo mpaka inakhota, ngati munthu woperekeza mwana wopita ku sukulu yogonera konko.

Pamzere wolowera, dzanja langa linatambasuka lokha kupita pa sutikesi ya gogo wina wachizungu yemwe ankavutika nayo. Achemwali analimenya.

"Nawenso lero ndiwe bwana. Bisa manjawo."

M'sitimamo tinadya masana ngati anthu. Achemwali atamaliza anasanja mbale zathu, anapukuta tebulo, ndipo akanatenga ndi za tebulo loyandikana nalo ndikanapanda kuwakoka. Titalowa m'chipinda chathu anapititsa chala pamwamba pa wadiropu, anachiyang'ana, anandionetsa.

"Ndinati chiyani? Silisowa."

Masutikesi anayamba kufika. Pakhomo lililonse m'kolido munali katundu. Kachikwama kanga kanafika, kosaphwanyika paliponse, umboni wakuti ndondomeko imagwira ntchito. Ndinawauza achemwali zimenezi. Anakoka mpando n'kukhala pakhomo, maso ali kumene kumachokera ngolo. Anthu oyandikana nafe analowetsa zawo, kolido inayera. Dzuwa linayamba kupendeka. Achemwali akamakalipa ndimadziwa chochita, ndimangoweramitsa mutu. Koma akakhala chete chonchi, ngakhale mayi athu amayenda monyang'ama.

"Ibwera, inshala," ndinatero.

"Mwana uja pano waweruka. Akhala atagwira foni."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana patapata wawo.

Kenako foni ya m'chipinda inalira. Mawu aulemu anatipempha kuti titsikire kunsi, kwa achitetezo, chifukwa m'sutikesi ya chipinda chathu mwaoneka chinthu.

Tinatsika ndi lifiti mpaka kumene makapeti amathera. Kumeneko tonse awiri tinamasuka, chifukwa kuseri kwa nyumba za mabwana n'kofanana kulikonse: makoma opanda zithunzi, fungo la sopo, anthu oyenda mofulumira. Tinapeza kamzere ka anthu ogwidwa. Wina anabisa mabotolo m'masokosi, wina mpeni wosendera zipatso. Sutikesi ya achemwali inali pakona, kansalu kake kali pomwepo.

Wachitetezo anali mayi wooneka kuti zoterezi waziona zambiri. Anawapempha kuti atsegule. Pamwamba panali diresi. Pansi pake, yokutidwa bwino ndi thaulo, panali simbi yamagetsi.

Mayiyo anainyamula m'mwamba.

"Achemwali, simbi?" ndinafunsa.

"Nanga diresi ndisita ndi chiyani, chigongono? Ndi yangayanga imeneyo, ndinagula ndekha, si ya madamu."

Wachitetezo anafotokoza kuti m'sitima simbi saloleza, amaopa moto, aisunga ndipo atibwezera tsiku lotsika. Kenako anawonjezera, pofuna kutithandiza za m'tsogolo, kuti sutikesiyo tikanainyamula tokha, simbiyo akanaiona pa makina ounikira padoko paja, n'kuichotsa nthawi yomweyo, ife n'kupitirira ndi katundu wathu. Koma poti tinaipereka, inayenera kudikira mpaka onse aunikidwe.

Achemwali anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Ndifuna zidziwike kuti mfundo imeneyi inali mu silabasi ya chaka chachitatu.

Sutikesi ndinainyamula ine mpaka kuchipinda. Atatambasula diresi pabedi, tonse tinaona. Inali itaponderezedwa tsiku lonse pansi pa katundu wa anthu ena, makwinya okhaokha ngati pepala lokulungira zitumbuwa. Achemwali anayesa kuiwongola ndi zikhatho. Anainyowetsa pang'ono n'kuikoka. Anaikhalira. Makwinya aja anangosintha malo.

"Ingovalani, pa foni sizioneka," ndinatero.

"Ine wosita zovala za nyumba yonse, mpaka masokosi a bwana, mwana wanga andione nditavala zokwinyika? Aziti chiyani mayi?" Anaipinda pakati. "Khalasi, basi zatha. Ndidzamuimbira tikabwerera. Kukhitchini komwe kuja, anazolowera."

Mawu omalizawo ndi amene anandidzutsa. Ndinatenga diresiyo n'kutuluka.

Kumapeto kwa kolido ndinapeza bambo wokonza zipinda zathu, wa ku Indonesia, waimvi m'mbali, akusanja mathaulo. Anandiuza kuti m'sitima muli ochapa ndi kusita, koma ukapereka lero umalandira mawa. Ndinafunsa ngati palibe njira yachangu. Anati ilipo, yolipira mowonjezera, koma tsiku lokwerera aliyense amakhala wotanganidwa. Apa chingerezi cha kukoleji sichikanathandiza. Ndinamuuza kuti diresiyo ndi ya achemwali anga, ntchito yawo ndi yosita za ena, ndipo mwana wawo akudikira pa foni. Kenako ndinamutambasulira zikhatho zanga, aone zikang'a za zigwiriro za masutikesi. Anaziyang'ana, anayang'ana diresi, n'kuiika paphewa.

"Wanga ali ndi zaka khumi," anatero, n'kulowa pakakhomo kena kopanda chikwangwani.

Tinadikira. Kunja kwa zenera anthu a padoko anayamba kuyendayenda pafupi ndi zingwe. Foni ya achemwali inalira, anaiyang'ana, sanayankhe. Inaliranso. Anaitembenuza chafufumimba.

Kugogoda kutamveka ndinatsegula ine. Bambo uja anaima atanyamula diresi pa hang'ala, yokutidwa ndi pulasitiki, yosalala ngati sinakhalepo m'sutikesi. Ndinasaina kapepala kake. Achemwali anailandira ndi manja awiri, anagwadira pang'ono mwachizolowezi, n'kungoima. Ndikukhulupirira kuti chibadwire palibe munthu anawasitirapo chovala. Anachotsa pulasitiki, anayang'ana kolala, anatembenuza mkono, anayendetsa chala m'mphepete.

"Pamkono apa wathamanga," anatero. "Koma wayesetsa. Tuluka ndivale."

Tinakwera pamwamba sitima ikulira kulira kwake kotsanzika. Achemwali anali patsogolo, duku lili ngati chisoti, nsapato zikugogoda. Ine pambuyo nditanyamula kachikwama kawo ka m'manja, foni, ndi patapata uja poopa kuti nsapato zingawalume. Anasankha malo pomwe nyumba za ku Al Dafna zinkaoneka zonse, magetsi akuyamba kuyaka. Ndinawalozera hotela yanga. Anati ndisiye zachibwana ndigwire foni mowongoka.

Mtsikana uja anayankha kusanalire kawiri. Poyamba anangoti kukamwa yasa.

"Amama! Ndinu? Muli kuti?"

"Panja," anatero achemwali.

"Agogo, tabwerani mudzaone! Amama atchena! Tazungulirani, amama, ndione kumbuyo!"

Achemwali anazungulira pang'onopang'ono, manja atatambasula, pakati pa azungu ojambula dzuwa. Nkhope ya mayi athu inalowa pa foni, pafupi kwambiri moti tinkaona mphuno yokha. Anafunsa ngati madzi onsewo ndi akuya, komanso ngati ine ndikudya. Mtsikana anafuna kudziwa anasoka diresi ndani, nyumba zija mumakhala anthu angati, ndipo ngati akadzamaliza sukulu diresiyo adzampatse. Achemwali anayankha zonse mokweza, osanong'ona ngakhale kamodzi.

Doko linayamba kutalikira. Mawu anayamba kuduka, kenako chithunzi chinaima, mtsikana ali chisekere. Achemwali anachiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku n'kunena kuti mphepo ya panyanja ili ndi fumbi.

"Pobwerera chikwama changa ndinyamula ndekha," anatero.

Tsiku lotsika anachitadi zomwe ananena, mwa njira yawo. Sutikesi sinapite kwa onyamula. Inatsika m'sitima ili m'dzanja langa lamanja, simbi yomwe anatibwezera ili kumanzere, achemwali ali patsogolo manja ali lende ngati madamu. Mpaka lero akamakamba nkhaniyi kwa anzawo Lachisanu, tsiku lopuma kuno, amati ndine amene ndinasokoneza zonse. Ine monga katswiri ndimaimabe pa mfundo yanga yakuti katundu ayenera kuperekedwa kwa onyamula, bola mwini wake asakhale achemwali anga. Ndipo ulendo wonsewo, nyanja, chakudya, bedi, ndi mwana kuona mayi ake ali panja, ine unandidya mariyali makumi awiri ndi asanu, osititsira diresi.