Mpando wa Kingi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri. Usipa unali utachepa, ana ali mbwee, denga likudontha. Ndinauza akazi anga aNyaBanda kuti ndikakhalako zaka zitatu basi. Iwo anangoti, "Onse amatero." Chimene chinandiwawa kusiya si nyumba ayi, koma malo anga m'boma. Boma ndikunena gulu lathu la malipenga la kuno ku Kande, osati la ku Lilongwe. Ine Yotamu Mphande ndinkaima kutsogolo kwa mzere, ndodo m'manja, ndikaponda pansi fumbi ankalionera ku Chintheche. Funsani aliyense.

Ku Joni ndinayamba ndi kutchetcha udzu kwa azungu, kenako kuphika, pomaliza ulonda wa pageti. Ulonda ndi ntchito yokhala pansi: kanyumba, mpando, buledi ndi tiyi wa shuga wambiri. Zaka zitatu zija zinaberekana mpaka imvi. Lamulungu ndinkadzitsekera m'kachipinda kanga, kuvala kabudula woyera, n'kumavina ndekha popanda ng'oma, mopondaponda pang'ono kuti mwini nyumba asamve. Bambo wa ana, kuvina yekha ngati wamisala. Kusungulumwa n'kumeneko, musamve zina.

Ndalama ndinkatumiza, za malata, za fizi. Koma galimoto iliyonse yobwera kuno ndinkaikamonso mtolo wa boma: makabudula oyera, masokosi aatali, malamba, ngakhale wezulo. Mafoni atabwera ankandiimbira, "Ada Mphande, masokosi atha." Sindinakanepo. Ndinkati ndikusunga malo anga.

Nditabwerera anandilandira bwino, sindinama. Atayamba kukonzekera gule wa Khirisimasi ndinapita nditasita zonse. Woyendetsa boma tsopano ndi Lameki, mwana wa mlongo wanga, amene ndinamusiya akuyamwa. Anatulutsa mpando wa pulasitiki watsopano n'kuuika pansi pa mango.

"Amalume, takupangani kingi. Khalani apa, muzionerera."

"Kingi savina?"

"Amangokweza dzanja tikamadutsa. Ndi ulemu umenewo. Nanga mukagwa pamaso pa alendo a ku loji tidzati chiyani?"

"Sokosi wavalazo anagula ndani?"

"Ndinu, amalume. N'chifukwa chake mpando."

Pambali panali mpando wina wakutha, ndipo anakhalapo Simeoni, mnzanga amene tinkavinira limodzi kale. Iye anandiyambirira kubwerako ku Joni, ndipo ukingi anayamba ndiye. Ana ake anamulanda khasu, bwato lake anagulitsa, ati anthu anganene kuti akuzunza bambo awo. Tsopano amachita kumubweretsa pa njinga, miyendo yotupa ngati mitondo.

"Khala, Yotamu," anatero. "Si zoipa. Nyama amayambira ife."

Ndinabwerera kunyumba ndikutukwana njira yonse. Ndinapeza aNyaBanda akufika kumene, dengu la chinangwa choviika lili pamutu. Mayi ameneyu ndi ine tinabadwa nyengo imodzi. Nditawafotokozera anaseka mpaka dengu kugwedera.

"Ine palibe anandigulirapo mpando, n'chifukwa chake ndikuyendabe. Mukuti mukufuna kuvina? Tanditulani kaye tione."

Ndinawatula. Msana unalira ngati chitseko chakale. Si ine ayi, ndi geti ija inandidya.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzukira nawo kumunda kukakumba chinangwa, ndikabwerako kukathandiza anyamata kukoka khoka. Ku Chintheche wapansi, minibasi ndinaikana. Anthu anayamba kunong'ona kuti mtchona wabwera chimanjamanja. Mwana wanga woyamba anabwera n'kuti, "Ada, mukutichititsa manyazi." Ndinamufunsa kuti manyazi aakulu ndi ati, bambo wogwira khasu kapena bambo wonyamulidwa pa njinga.

Pa Khirisimasi mpando wanga unali pamalo pake, atauyala nsalu. Ndinaunyamula n'kukauika patsogolo pa Simeoni kuti asanjikepo miyendo. Kenako ndinalowa mumzere, kumapeto kwenikweni, ine amene ndinkatsogolera. Lameki anandilizira wezulo, wezulo wogula ine, ndinangoti sindikumva. Nyimbo yoyamba ndinamaliza, yachiwiri ndinamaliza. Yachitatu mpweya unandithawa, ndinaima. Koma ndinaima ndi miyendo yanga. Simeoni anali akumenya pansi ndi ndodo, akukuwa, "Bondo m'mwamba, Yotamu, usandichititse manyazi!" Pomaliza ndinaona akupukuta m'maso.

Ku Joni ukakalamba amakuuza pamaso kuti ntchito yatha, ndipo umadziwa wokwiya naye. Kwathu amakuchotsa atakugwadira, iwe n'kumathokoza. Ndinkaopa kufera kuchilendo, osadziwa kuti kuno amakuyalira nsalu uli moyo.

Lameki akuti chaka chino agula mpando wina, wokhala ndi poika mikono. Agule. ANyaBanda akusowa poyanikira chinangwa.