Tsache la Don Heber

Don Heber, wosamalira makompyuta pa kampani ina ya mabasi ku Montevideo, ali ndi nthenda imodzi: kusesa. Foda iliyonse imene saidziwa amangoifufuta, chikho cha tiyi wa kumeneko wotchedwa mate chili kudzanja linalo. Wakalamba nalo khalidweli.

Tsiku lina anasesa foda yachilendo, dzina n'kuliwerenga pambuyo: makonzedwe a pulogalamu yogulitsira matikiti. Mitengo, njira za mabasi, zonse psiti! Mkuluyo thukuta kamukamu, akuona ntchito ikutha penshoni ili pakhomo.

Anapita kwa Maite, wolemba mapulogalamu, mutu uli zyoli.

"Mwanawe, ndapha kampani."

"Mwayambanso, a Tsache?" Maite anaseka chikhakhali. "Mafayilo amenewo kulibe, ndi zenera chabe. Ndinalipanga kuti inu okonda mafayilo muzisuzumirapo makonzedwe, koma enieniwo ali m'kati mwa pulogalamu. Tsache lanu silifikako."

Maite anadina kamodzi pa kompyuta, foda ija n'kubwerera yathunthu.

Don Heber anapumira m'mwamba. Anathira madzi otentha m'chikho chija, chimene chikhalire sanagawireko munthu, n'kumupatsa Maite ndi manja awiri. Akuti m'mawa mwake mkuluyo anaifufutanso foda ija, kungofuna kutsimikiza.