Anachotsa Ankhoswe pa Maseva Athu

Nkhani iyi si yongomva kwa ena ayi, inandichitikira ineyo, ndipo sindiwonjezerapo mchere ngakhale pang'ono. Mayina sinditchula, osati chifukwa choopa munthu, koma chifukwa ena mwa anthu ake sayenera n'komwe kutuluka pakamwa panga.

Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ntchito ku bungwe lina lokhala ndi timakiliniki m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Ntchito yanga inali yosamalira detabesi, tingoti nkhokwe ya pakompyuta mmene munkasungidwa mbiri ya wodwala aliyense: matenda ake, mankhwala amene walandira, ndi mankhwala amene thupi lake limakana. Nkhokweyo inkakhala pa maseva awiri, makompyuta akuluakulu osazimitsidwa, ina ku ofesi kwathu pa Dowa Boma, ina cha ku Malomo. Imodzi inkatsogolera, inzake n'kumakopera zonse, kuti yotsogolerayo ikafa inzakeyo ipitirize ntchito odwala osadziwa n'komwe. Ndiye panali kachitatu, kakompyuta kakang'ono kokhala pa kiliniki ya ku Bowe, kosasunga kanthu. Ntchito yake inali imodzi basi: awiri aja akasiya kumvana, iko kankagamula kuti wotsogolera ndi uti, winayo akhale chete. Tinkakatcha ankhoswe.

Kenako anatibweretsera abwana atsopano ochokera ku Lilongwe, bambo a mafuta onunkhira ofika eniake asanafike, makiyi a galimoto ali pachala tsiku lonse. Iwowa ankadziwa chilichonse, kuyambira kafuyidwe ka nkhumba mpaka kabadwidwe ka mwana. Choyamba anauza manesi kuti asiye kuvutika ndi kulemba m'mabuku a odwala, ati zimenezo n'zachikale, zonse zizilowa m'kompyuta. Chachiwiri, atapita ku Bowe anapeza kakompyuta kaja kakungophethira timagetsi take pakona, ndipo atamva kuti sikasunga kanthu anakanyamula n'kudzapatsa sekilitale wawo kuti azilemberapo makalata. Maseva atayamba kudandaula, anaitana mnzawo wina wa m'tauni, wovala magalasi akuda ngakhale m'nyumba, amene anakonza zoti seva iliyonse izitha kudzilamulira yokha.

Ndinawauza kuti tsiku limene netiweki idzaduke, seva iliyonse idzayesa kuti inzake yafa, ndipo zonse ziwiri zidzayamba kutsogolera, iliyonse kulemba zakezake. Mukuganiza anandiyankha chiyani? Anati banja labwino silifuna nkhoswe, ndiponso kuti atsikana a masiku ano tikangophunzira pang'ono timakonda kuopseza akuluakulu. Anzanga mu ofesi anaseka, kuseka kuja kwa anthu ofuna kukwezedwa pantchito.

Dzinja litafika mphenzi inaomba mlongoti wathu wa netiweki pamwamba pa phiri, ndipo okonza anatenga milungu ingapo chifukwa msewu wake unali utasanduka phala. Zinachitika monga ndinanenera. Timakiliniki ta ku Ntchisi tinkalemba pa seva ya ku Malomo, ta ku Dowa pa seva ya pa Boma, ndipo poti palibe chinazima, abwana ankayenda chifuwa patsogolo kumauza anthu kuti onani, zonse zili bwinobwino. Ine ndikati ndiyankhule ankandikwezera dzanja ngati wapolisi wa pamsewu.

Mlongoti utakonzedwa, maseva aja anapezana aliyense ali ndi nkhani yake. Ndinapempha nthawi yoti ndiphatikize bwinobwino zolembedwa za mbali zonse ziwiri, koma kunali kukubwera alendo amene amathandiza bungwe lathu, ndipo abwana ankafuna kukawaonetsa zinthu zoyera pa sikirini yaikulu. Anagamula kuti ya pa Boma ndiyo yaikulu, ya kumudzi imvere. Nditakana kuchita zimenezo anaimbira mnzawo wa magalasi uja, amene anafufuta zonse za ku Malomo ali khale m'tauni. Mwayi wake ndinali nditakopera kale za ku Malomozo pambali, ndipo ndinayamba kuzibwezera ndekha, wodwala mmodzimmodzi, ntchito yoti abwana ankaitcha kutaya nthawi.

Tsopano tamverani. Ine ndili ndi achemwali anga, amene anandilera mayi athu atamwalira, ndipo nthawi imeneyo ankaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Malomo. Ndi munthu wobisa matenda, woti ukawafunsa mmene adzukira amati bwino ngakhale akulephera kuima. Masana ena, ndikubwezera zolembedwa zija, ndinangoona dzina lawo patsogolo panga. Pansi pake nesi wa ku Malomo anali atalemba chenjezo la zilembo zofiira, kuti m'masiku omwe aja netiweki inali yoduka anawabaya jakisoni wina wa chifuwa ndipo anatupa thupi lonse, ndiye asadzawabayenso mankhwala amenewo chifukwa akhoza kuwapha. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti anadwalapo.

Ndinatsegula mbiri yawo pa seva yogwira ntchito kuti ndibwezeremo chenjezolo, ndikukonza kale m'mutu mmene ndikawakalipire chifukwa chondibisira. Pamwamba pa mbiriyo panali mzere watsopano wa tsiku lomwelo: achemwali anga agonekedwa pa kiliniki ya ku Bowe, akutentha thupi, akubwebweta, chifuwa chathina. Pansi pake panali dzina la jakisoni yemwe uja, atalembedwa kuti abayidwe. Pamalo pa chenjezo panali poyera.

Abale, munaonapo imfa ya m'bale wanu italembedwa mwaudongo, iye adakali moyo? Ndinalakwitsalakwitsa zilembo ndisanamalize kulemba chenjezolo. Koma nesi amene wanyamula kale jakisoni abwereranso kukayang'ana kompyuta? Ndinaimba foni ya kukiliniki, sinkapezeka. Ndinaimbira alamu anga, amuna awo, foni inali yozima. Ndinathamangira kwa abwana kukapempha galimoto, ndipo ndinawapeza akudya nthochi miyendo ili patebulo. Anandimvetsera akutafuna, kenako anati galimoto ikutsukidwa chifukwa ili ndi ulendo wa kumsonkhano, ndiponso kuti ndisamabweretse nkhani za kwathu ku ofesi, manesi amadziwa ntchito yawo.

Ndinatuluka osatseka chitseko n'kukwera kabaza wa njinga yamoto woyamba amene ndinamuona. Amene mumaidziwa njira ya ku Bowe nthawi ya mvula mukudziwa kuti si pafupi, ndipo matope ake sasamala kuti uli ndi changu. Tinagwa, tinadzuka, nsapato imodzi ndinaisiya mumtsinje. Njira yonse ndinkangoimba foni yosapezeka ija, pemphero lenileni osatuluka.

Nditafika ndinapeza alamu anga atakhala pansi pakhonde, manja ali kumutu. Anandiuza kuti anabwera kumaliro kwa abale awo, achemwali n'kudwalira komweko, ndipo nesi atafunsa ngati pali mankhwala owakana, iwo anayankha kuti zonse zili m'kompyuta, poti ndi mmene anawauzira ku Malomo, koma dzina la mankhwalawo sankalidziwa. Nesi anayang'anadi, sanapeze kanthu, n'kubaya. M'chipindamo ndinapeza munthu amene sindinamuzindikire. Nkhope inali itatupa mpaka maso kutsekeka, milomo yakuda, mpweya ukutuluka ndi kaphokoso ngati wezulo yothyoka. Ndinawadziwira chitenje chimene ndinawagulira ndekha. Manesi awiri ankalimbana nawo, wina akubaya mankhwala obweza kutupa, wina akupopa mpweya, ndipo ine ndinangoima pakhomo ndi nsapato imodzi.

Anapulumuka, ndipo manesi amenewo ndimawalemekeza mpaka lero. Koma mpweya unawasowa nthawi yaitali. Mawu awo amatuluka mokoka, dzanja lamanja siligwira choko, ndipo ntchito ya uphunzitsi inathera pomwepo.

Nanga abwana? Kwa akuluakulu a bungwe anakanena kuti linali vuto la mphenzi. Patapita sabata anabwera kudzazonda matenda atanyamula botolo la juwisi, mafuta awo aja kudzaza chipinda chonse cha odwala. Anapemphera pemphero lalitali, kenako n'kuuza achemwali kuti Mulungu amayesa anthu amene amawakonda. Achemwali anga, osadziwa kanthu, analimbana ndi lilime lawo lolemeralo mpaka anakwanitsa kuwathokoza chifukwa cha mtima wawo wabwino. Ine ndinatuluka panja kukalavula. Chaka chotsatira ndinamva kuti abwanawo awakweza, akuyang'anira zigawo zingapo, ndipo ndikhulupirira kuti kumenekonso akuphunzitsa anthu zimene iwo sazidziwa.

Ntchito ya maseva ndikugwirabe, kwina. Anthu ena kumudzi amanena kuti achemwali anachita kulodzedwa kumaliro kuja, ndipo ine sinditsutsana nawo kwambiri, chifukwa mfiti yake ndinaiona ndi maso anga, imavala tayi. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti makina sanama, amangosunga mokhulupirika uchitsiru wa amene akuwalamulira. Choncho inu anzanga a ntchito ngati yanga, munthu akafuna kuchotsa chinthu chifukwa choti iye sakuona ntchito yake, musamusekerere ngakhale akhale wamkulu bwanji. Ndipo inu nonse, ngati pali mankhwala amene thupi lanu limakana, lowezani dzina lake, muwauze amuna anu, akazi anu, ana anu, ngakhale oyandikana nawo nyumba, chifukwa tsiku limene mudzalifune dzinalo mudzakhala simukutha kuyankhula.