Chambe, Osati Natal

Mayi Betty Chisenga anakolopa m'nyumba ina yoonetseramo zithunzi zakale ku Croydon kwa zaka zisanu ndi zinayi. Ankachoka ku Thamesmead kusanache bwino, n'kukwera mabasi awiri, kuti alendo pofika apeze pansi pakuwala.

M'chipinda chakumapeto munali kachithunzi kopenta ndi manja, kosaposa chikuto cha Baibulo. Kapepala ka m'munsi mwake kankati anakajambula mzungu woyeza malo mu 1893, kanakaonetsedwa ku Glasgow, kenako ku Bristol, ndipo konseko kankatchedwa "Phiri la ku Natal". Koma mayi Chisenga anabadwira ku Likhubula. Thanthwe losalalalo analizindikira tsiku loyamba lomwelo: linali Chambe, la ku Mulanje, lomwe ankaliona m'mawa uliwonse popita kusukulu.

Anakauza woyang'anira zithunzi, bambo Walter Pryce. Bamboyo anamwetulira, n'kunena kuti mapiri amafanana, kenako anawapempha kuti asamayandikize mopu kukhoma. Mayiwo sanagonje. Anatuma mchemwali wawo kumudzi kuti akajambule thanthwelo pafoni, anasindikiza zithunzizo, analemba kalata ya masamba awiri n'kuipereka ku ofesi. Yankho silinabwere.

Patatha zaka zinayi kunabwera mphunzitsi wa kuyunivesite, anakhala masiku atatu akufufuza m'mafaelo. Posakhalitsa kapepala kaja kanasinthidwa: phirilo ndi Chambe, ndipo walitulukira ndi mphunzitsiyo. Akuluakulu a nyumbayo anachita phwando. Mayi Chisenga anawaitana kuti adzatsuke matambula.

M'mawa mwake analowa mu ofesi ya bambo Pryce osagogoda, n'kupempha kalata yawo. Bambo Pryce anaipeza mu faelo ya kachithunziko. M'mphepete mwake munali modzaza zolemba za pensulo, zolemba mphunzitsi uja.

"Ndiye kuti munawerenga nonse," anatero mayi Chisenga. "Chinakuvutani ndi dzina langa lokha?"

Bamboyo anafotokoza kuti malamulo salola kulemba dzina lawo pa kapepala kaja, chifukwa mayiwo analembedwa ntchito ndi kampani yokonza m'nyumba, osati ndi nyumba ya zithunziyo. Analonjeza kuti nkhaniyo aitengera ku komiti.

Mayi Chisenga anapinda kalatayo, anaiika m'chikwama, anasiya makiyi patebulo, n'kupita kukakwera basi.

Tsopano amasamalira okalamba ku Edmonton. Kachithunziko kabwerekedwa ku Paris chaka chino, ndipo komiti ija sinakumanebe.