Dzanja Limodzi pa Lamba

Mkazi wanga anamwalira chaka chimene ntchito zomanga zinaima mu Dubai. Anali namwino pa kachipatala kena ku Muraqqabat. M'mawa wina anagwa akuvala nsapato, ndipo madokotala anati mtsempha unaphulika m'mutu. Sindinena zambiri za iye. Zimene ndinatsala nazo ndi zochepa, ndipo ndimazisunga ndekha.

Ine ndinali injiniya pa kampani ina yomanga nyumba zosanja. Masiku amenewo anthu ankachotsedwa ntchito sabata iliyonse, ena n'kumasiya magalimoto pabwalo la ndege, kuthawa osatsanzika. Woyang'anira antchito pakampani pathu anali Mmalawi mnzanga, bambo wachikulire amene tonse tinkangowatcha akulu. Ndinapita kwa iwo kukapempha tchuthi kuti ndiperekeze maliro kumudzi.

"Mphwanga, nthawi yaipa," anatero maso ali pa kompyuta. "Ukakwera ndege imeneyo usabwerenso. Bokosi likafika ngakhale iwe palibe. Khalasi, nkhani yatha."

Akanakhala Mzungu kapena Mwarabu ndikanati sadziwa. Koma akulu ankadziwa bwino lomwe kuti mwamuna amayenera kuima pamanda, kuponya dothi, kumetedwa pamodzi ndi anamfedwa, kenako akuchikazi n'kudzamusudzula. Ndinali ndi azing'ono anga pasukulu, ndinachita mantha, ndinatsala. Bokosi linapita lokha. Apongozi anga aakazi anasiya kuyankha foni yanga. Mlamu wanga anayankha kamodzi, n'kunena kuti, "Alamu, mwatitumizira mwana wathu ngati phukusi."

Miyezi inadutsa. Ndinkadzuka m'chipinda chathu ku International City, kukwera basi, kupereka moni kwa akulu ndi manja awiri, kugwira ntchito, kubwerera. Sindinawanenere mawu oipa ngakhale tsiku limodzi. Iwo ankayesa kuti nkhani inatha.

Akulu ankakonda kuwedza. Lachisanu, lomwe linali tsiku lopuma, ankachita hayala boti ndi anzawo, koma anzawowo anali atabalalika ndi kutha kwa ntchito. Tsiku lina anandigwira paphewa.

"Tiye ukapitidwe mphepo ya panyanja, mphwanga. Wamasiye sakhala m'nyumba yekha, angapenge."

Ndinavomera.

M'botimo tinalimo anayi: akulu, ineyo, injiniya wina wa ku Zambia wokonda nthabwala, ndi woyendetsa boti, munthu wa mtundu wa Baluchi amene sankalankhulalankhula. Titachoka padoko, nyumba zosamaliza zikuzimiririka m'fumbi kumbuyo kwathu, akulu anayamba kutiphunzitsa. Anati asodzi aona anamgumi olusa chapafupi, aja akuda pamsana, oyera kumimba.

"Mudala, osatinamiza," anatero wa ku Zambia uja. "Vija vimankhala kwa ayisi. Kuno madzi yapya monga tiyi, vingaphike."

"Umangoonera pa wailesi yakanema iwe," akulu anaseka. "Alipo amene amakhala m'madzi otentha, kungoti saonekaoneka. Akabwera, nsomba zimathawa, wowedza amabwerera chimanjamanja. Komanso ndi mbava. Amadikira kuti iwe uvutike ndi nsomba, itope, iwo n'kudzaitola pambedza pako. Ndiye mvetserani: wina akaona chipsepse chakuda chachitali, akuwe msanga tidule chingwe. Chinthu chimenecho chikakoka, ndodo imapita ndi mwini wake."

Dzuwa litakwera, ndodo ya akulu inapindika. Kagudumu kopotera chingwe kanalira. Woyendetsa anati ndi kanadi, nsomba yaitali ya mano akuthwa, ndipo yaikulu kuposa zimene anaziona chaka chimenecho. Akulu anavala lamba wachikopa wokhala ndi kachibowo kutsogolo, mokhazika tsinde la ndodo. Panyanja pali lamulo lake: munthu akamalimbana ndi nsomba yaikulu ataimirira m'mphepete mwa boti, mnzake amaima kumbuyo kwake atagwira lamba, chifukwa manja onse a wowedzayo ali pandodo ndipo alibe pogwira.

"Gwira lamba, mphwanga! Usandisiye, yalla, fulumira!"

Ndinalowetsa zala zanga pansi pa lamba, manja onse awiri. Malaya awo anali atanyowa ndi thukuta. Ndinkamva msana wawo ukugwira ntchito, ndi fungo la mafuta amene ankadzola m'mutu. Chimwalirire mkazi wanga ndinali ndisanayandikire munthu aliyense chonchi.

Analimbana nayo nthawi yaitali. Nsomba itayamba kutopa, anamanga buleki ya kagudumu mpaka pamapeto kuti chingwe chisatulukenso. Wa ku Zambia anali atawerama, akufunafuna ngowe yokokera nsomba m'boti. Woyendetsa anali pachiwongolero, maso ali pachingwe.

Chipsepse ndinachiona ndekha. Chinatuluka cha kumanzere, chakuda, choongoka, chachitali ngati chitseko, n'kumiranso mwakachetechete cholunjika kumene kunali nsomba ija. Nthawi yokuwa inalipo yokwanira. Ndinatseka pakamwa.

Chingwe chinakokedwa ngati chamangidwa ku lole. Ntchafu za akulu zinamenya m'mphepete mwa boti, mapazi awo ananyamuka, ndipo thupi lawo lonse linalendewera pa zala zanga. Ndodo sanaisiye, munthu akadzidzimuka amafumbata zimene wagwira. Nkhope yawo inali pamwamba pa madzi, ndipo pansi pake panadutsa chinthu chachikulu kuposa boti lathu, chitatembenuka cham'mbali, banga loyera lili pafupi ndi diso.

"Mayo! Mphwanga, koka! Koka!"

Ndinatulutsa dzanja lamanja pansi pa lamba. Sindinalakwitse, silinaterereke. Ndinalichotsa, n'kuliika pachitsulo cha boti. Akulu anatsetsereka mpaka chipewa chawo chinagwera m'madzi. Ndinaweramira kukhutu kwawo.

"Akulu," ndinatero motsitsa mawu, "mkazi wanga anamuika mbali iti ya manda? Pafupi ndi bambo ake kapena kumapeto? Ine sindidziwa. Mwina inu mukudziwa."

Anatembenuza khosi, diso limodzi n'kundiyang'ana. Munali madzi amchere m'kamwa mwawo. Zala zanga zakumanzere zinali zitachita dzanzi. Ndinkangofunika kuzitambasula. Ndinaganiza zoti ndichite zimenezo, ndipo ndinaganiza mtima uli m'malo, monga mmene ndimaganizira ngati chipilala chingasenze denga.

Wa ku Zambia analumpha ndi mpeni n'kudula chingwe. Tonse awiri tinagwera chagada m'boti, akulu pamwamba panga.

"Mwaona, mudala? Vakudyerani lanchi!" anakuwa wa ku Zambia uja akuseka. "Mumuyamikire mufana uyu, sembe mwayenda!"

Iye sanaone dzanja langa. Woyendetsa ngati anaona, sananene. Anamgumi aja anatuluka kutsogolo kwathu, wamkulu ndi ena aang'ono, akupuma mwaphokoso, kenako anapita. Mbedza sitinaponyenso, chifukwa nsomba zonse zinali zitabalalika.

Pobwerera akulu anakhala pansi m'boti atakumbatira mawondo, mutu uli pambalambanda. Titayandikira doko anandiitana ndi chala.

"Pita kumudzi sabata yamawa," ananong'ona. "Ntchito yako ikudikira. Ndilankhula ndi mabwana ndekha."

"Ndiye zinali zotheka," ndinatero.

Anatembenukira kudoko.

Ndinapita. Apongozi anga anandisiya panja nthawi yaitali, kenako anatuma mlamu wanga kuti akandionetse manda. Udzu unali utamera kale. Kusudzula anati adzaganiza.

Nditabwerera ku Dubai ndinapitiriza ntchito pansi pa akulu omwewo. Panyanja sanapitenso, ndodo zawo anagulitsa. Tikakumana m'chikepe cha kuofesi ankaima msana utatsamira khoma, ndipo ndikawapatsa moni ankayang'ana kaye manja anga asanayankhe. Abusa athu amati ndiwakhululukire. Ndimawamvetsera mwaulemu. Koma akulu sanandifunsepo chifukwa chimene dzanja lachiwiri lija linatsalira pa lamba, ndipo ndimakondwa kuti mpaka lero sadziwa ngati ndikanalichotsa.