Phala lakuda pa liwombo la Dalitso

Mwana wanga woyamba sanadyedwe ndi mfiti ayi. Ndinamuchedwetsa ndine, mayi wake, ndi liuma langali. Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi khanda kumsana, ndimvereni.

Zinali m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene tinkafola mzere wa ufa ndi sopo kuyambira m'mamawa. Ine ndi amuna anga tinachoka ku Katete n'kudzachita lendi kachipinda mumzinda, ku komboni ya Chawama. Iwo ankasenza matumba ku mafakitale. Dalitso wathu anali ndi miyezi isanu, mwana wonenepa, wosekerera aliyense.

Dzinja limenelo mvula inasefukiritsa zimbudzi, madzi ake n'kumayenda m'tinjira mpaka kumpopi kumene tinkatunga. Dalitso anayamba kutsegula m'mimba. Tsiku lachiwiri ndikumusambitsa, dzanja langa linafika pa liwombo, paja pofewa pamene mafupa a mutu wa khanda sanalumikizane. Mayo ine! Panali patalowa ngati papaya wakupsa amene wina wadina ndi chala.

Ndinathamangira kwa Bana Chanda, eni nyumba, mayi wa ana asanu ndi awiri. Anayendetsa chala pamutu pa mwana, kutsata mzere wa mafupa mpaka pachipumi, n'kupukusa mutu.

"Bamake Dalitso, mutu wa mwana uyu ung'ambika. Bamuna banu bayenda kuti? Vinthu ivi sivibwela chabe."

Mawuwo anandipeza ndili kale ndi nkhani mumtima. Amuna anga masiku amenewo ankafika mochedwa, ati ovataimu. Kwathu tinakula tikumva kuti bambo akayenda njira zachisawawa mwana ali wakhanda, amamusempha. Basi, mlandu ndinaugamula ndekha.

Bana Chanda anatentha mizu, phulusa lake n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi, anamata phala lakuda pa liwombo kuti mafupa agwirane. Anandiuzanso kuti ndileke kaye kuyamwitsa, poti chilichonse cholowa chinkangotuluka. Ndinamvera.

Amuna anga atabwera anangomuona mwana n'kunena kuti tipite naye kuchipatala. Ine ndinalusa. Ndinawauza kuti akufuna manesi awabisire manyazi, ayambe aulula dzina la mkazi amene akuyenda naye. Analumbira, anagwira Baibulo, ine osamva. Pakamwa panga m'poyaka, a ku Chawama amandidziwa. Masiku awiri athunthu ndinkazenga mlandu, mwana ali pamphasa. Maso ake analowa. Milomo inauma. Ankalira koma misozi osatuluka, kenaka kulirako kunasiya. Ine chitsiru ndinati mankhwala agwira, mwana wagona.

Tsiku lachinayi amuna anga sanapite kuntchito, ndipo sanandifunsenso. Anakulunga mwana m'shawelo n'kutuluka naye, ine pambuyo ndikulalata mpaka pokwerera basi.

Kuchipatala nesi anatsina khungu la pamimba pa mwana, khungulo linangoima osabwerera. Anandifunsa kuti ndinamuyamwitsa liti komaliza. Ndinayankha kuti dzana. Anandiuza, osakalipa n'komwe, kuti mwana aliyense amabadwa mafupa a mutu asanagwirane, ndipo liwombo likalowa chonchi ndiye kuti madzi atha m'thupi. Dalitso ankangofuna bere langa, ndi madzi owiritsa othira mchere ndi shuga pang'ono. Nesiyo anafunafuna mtsempha woika diripi m'manja, m'miyendo, pomaliza anameta pambali pa mutu. Dzuwa lisanalowe, Dalitso anatisiya.

Posambitsa mtembo, amayi a kumpingo ananyowetsa phala lija ndi madzi ofunda n'kulichotsa. Ndinaumirira kuti ndione. Ndinayendetsa chala kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo, ndinabwerezanso. Mutu unali wathunthu, wosalala, wopanda mng'alu ngakhale umodzi.

Mkazi uja sindinamupeze, chifukwa kunalibe. Amuna anga sananditchulirepo nkhaniyi mpaka tsiku limene tinawaika, ndipo kukhala chete kwawoko kumandiwawa kuposa mbama. Bana Chanda sindiwada, ana awo onse anawamata phala lomwelo ndipo anakula. Wokana chipatala ndinali ine.

Inu owerenga, mwana akatsegula m'mimba, liwombo n'kulowa, musayambe kufunsa kuti walakwa ndani. Muyamwitseni, ngakhale asanze, muyamwitsenso, ndipo thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mlandu wa m'banja mudzaupeza pobwera. Ine maliro atatha mabere ananditupa sabata yathunthu. M'mawa uliwonse ndinkagwada kuseri kwa nyumba, n'kumakamira pansi mkaka umene ndinamumana mwana wanga.